Chithunzi Choima ndi Chithunzi Choyenda

Tsiku la msika pa Kandeu, dzuŵa likapendeka ndipo ogulitsa tomato ndi usipa ayamba kulongedza, pamatsala phokoso lina limene silitha msanga. Limachokera m'tinyumba tija toonetsera kanema, m'mene anyamata ndi ana asukulu amakhala mothithikana pa mabenchi, maso onse ali kutsogolo. Panja pamakhala chimkuzamau, kotero kuti munthu wodutsa pamseu amamva kulira kwa mfuti, kugumuka kwa nyumba zosanja, ndiponso mau a mnyamata womasulira amene amaika Chicheŵa pakamwa pa Azungu ndi Amwenye, nathirako ndi nthabwala zake zomwe. Ana athu amabwerako atasunga maina a ngwazi zachilendo: Spider-Man wokwera makoma ngati kangaude, Batman wovala ngati mleme, Black Panther mfumu ya dziko la Wakanda.

Chimene ambiri mwa anaŵa sadziŵa, ndipo ngakhale ife makolo ambiri sitidziŵa, n'chakuti ngwazi zimenezi zidabadwira papepala. Superman adayamba kuoneka m'timabuku ta zithunzi ku America m'chaka cha 1938, Batman mu 1939, Spider-Man mu 1962, ndipo Black Panther mu 1966. Anthu adakhala pansi ndi pensulo ndi inki, najambula nkhani zimenezi tsamba ndi tsamba, makampani a kanema asanazitole. Tsono ife tifuna kufunsa kuti: kodi nkhani yojambulidwa papepala ikasanduka kanema, imapindula chiyani, nanga imataya chiyani? Funsoli likutikhudza kwambiri ife kuno, popeza mwana wa pa Kandeu amakumana ndi kanema sabata ndi sabata, chikhalirecho buku la zithunzi mwina sadaligwirepo chibadwire.

Nkhani ya m'timabokosi

Tonse tidaonapo makatuni a m'nyuzipepala: timabokosi titatu kapena tinai tondondozana, m'kati mwake muli anthu ojambulidwa, mau ao atalembedwa m'kamtambo kotuluka pakamwa. Buku limene tikunena pano ndi mkulu wake wa makatuni ameneŵa. Limatha kukhala ndi masamba mazana aŵiri kapena atatu, nkhani yake imodzi yaitali, ndipo si nthaŵi zonse pamene imakhala yoseketsa. Alipo mabuku otere onena za nkhondo, za matenda, za ubwana wa mlembi mwini wake. Pa Chingerezi amaŵatcha graphic novel. Ife tingoti mabuku a nkhani zojambula.

Kusimba nkhani ndi zithunzi si kwachilendo pakati pathu. M'mapanga a ku Chongoni, kwa anansi athu a ku Dedza, makolo akale adasiya zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaŵerengera malo ameneŵa pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Mua, pa malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, mlendo amatha kuŵerenga mbiri yakale pa zithunzi zojambulidwa pamakoma. Ndipo m'matchalitchi mwathu muli buku la zithunzi limene ngakhale agogo osadziŵa kulemba dzina lao amaliŵerenga bwinobwino, ndilo zithunzi 14 za Njira ya Mtanda.

Tiyeni tiime pang'ono pa Njira ya Mtandayi, pakuti ikutionetsa m'mene mabuku otere amagwirira ntchito. Pa chithunzi chachitatu Ambuye agwa pansi. Pa chachinai aimirira, akumana ndi Amai ao. Nanga adadzuka bwanji? Adayenda mapazi angati? Anthu ankakuwa zotani? Wojambula sadationetse. Zimenezo timadzaza tokha mumtima pamene tikusuntha kuchoka pa chithunzi china kunka pa chinzake. Khoma lopanda kanthu lija, pakati pa zithunzi ziŵirizo, wojambula adatisiyira ifeyo.

M'buku la nkhani zojambula zimachitikanso chimodzimodzi. Tiyerekeze kuti m'kabokosi koyamba muli mai wosenza mtsuko, akuchokera kuchitsime, ndipo patsogolo pake njoka yapingasa njira. M'kabokosi kachiŵiri muli mapale ali mbwee, madzi akuyenderera pamchenga. Kodi mtsukowo waswa ndani? Mwauswa ndinu, aŵerengi. Mwamva kukuwa kwa maiyo, mwamva ndi kuphwanyika komwe, pamene papepala palibe phokoso lililonse. Paja kale agogo akamasimba nthano madzulo, ana ankavomera kuti “tili tonse,” ndipo nthano inkaima ngati ovomera agona. Buku la zithunzi limafunanso wovomera wotere pa kampata kalikonse.

Chinthu chachiŵiri ndi nthaŵi. Wogwira buku ndiye mwini wake wa nthaŵi. Angathe kukhala pa tsamba limodzi mpaka nsima kuzizira, angathe kubwerera m'mbuyo kuti aonetsetse nkhope ya munthu amene adamkayikira, angathenso kutseka buku nakaganiza. Kanema saloleza zimenezi. Makina ake amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndiye kuti kanema wa maola aŵiri ali ndi zithunzi zoposa 170,000, zothamanga motsatana kotero kuti diso silionanso mpata. Mtsuko uja kanema amauswa yekha, ndi phokoso lake ndi nyimbo yake yomwe. Woonera amalandira zophikaphika, ndipo amadya pa liŵiro limene wophikayo wakonza.

Sitikunena kuti kanema ndi woipa ai. Ali ndi mphamvu zimene pepala lilibe: mau a munthu, kunjenjemera kwa milomo, kuwomba kwa mphepo, ndiponso kusonkhanitsa anthu ambiri kuti aseke ndi kulira pamodzi. Koma mphamvu zimenezi zili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo tiuona bwino pa nkhani ina ya kwathu konkuno.

Mnyamata wa kwa Wimbe

William Kamkwamba adabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002, imene ifenso kuno ku Ntcheu sitidaiiŵale, idampeza atangoyamba sekondale ku Kachokolo. Makolo ake adasoŵa ndalama za fizi, ndipo iye adasiya sukulu. Pofuna kuti mutu wake usachite dzimbiri, adayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake panali chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo, ndiponso lina lotchedwa Explaining Physics.

Apa pali mfundo imene tifuna kuti aŵerengi aisunge. Chingerezi cha mnyamatayu chinali choperewera, ndipo mau ambiri a m'mabukuwo ankamdutsa. Zimene zidamphunzitsa ndi zithunzi. Ankayang'anitsitsa chojambula cha waya ndi maginito, n'kufuna mau ogwirizana nacho, n'kubwereranso pa chojambulacho, lero, maŵa ndi mkuja. Pambuyo pake adakatola fani ya thirakitala kudzala la zitsulo, adaphwatalitsa mapaipi a pulasitiki pamoto kuti akhale mapiko, adatenga njinga yakufa ya bambo ake ndi dayinamo, nazikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugama. Mu 2002, ali ndi zaka 14, babu idayaka. Patsogolo pake makinawo ankayatsa mababu anai ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake.

Padapita zaka zinai dziko lisanamve. Mu 2006 nyuzipepala ya Daily Times idalemba za iye, mu 2007 adakalankhula pa msonkhano waukulu ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 adatsiriza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Nkhani yake idasimbidwa m'njira zingapo, ndipo pano titchulapo zitatu. Mu 2009 lidatuluka buku lalikulu la mau okhaokha, The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer. Mu 2012 lidatuluka buku la zithunzi la ana, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon, mai amene adakulira ku Abidjan, ndipo adagwiritsa ntchito utoto ndi timapepala todula n'kumata. Buku limeneli si la timabokosi ngati aja tanena, ndipo n'lalifupi, koma ndilo loyandikana nawo kwambiri pa nkhani za kwathu zimene zidafika pa kanema. Potsiriza, mu 2019, kudatuluka kanema wokonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor, mbadwa ya ku London ya makolo ochokera ku Nigeria, amene adaseŵeranso ngati bambo ake a William. Adayamba kuonetsedwa ku chikondwerero cha Sundance mu Januwale, nafika pa Netflix mu Malichi chaka chomwecho.

Zimene kanemayu adakhoza

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti pali zoyamika zambiri. Ejiofor akadatha kukajambulira kanema wake ku dziko lina kumene zipangizo n'zosasoŵa, koma adabwera ku Kasungu komweko. Fumbi limene timaona ndi lathu, njinga ndi zathu, ndi mizere ya m'munda yomwe. Akadathanso kulankhulitsa anthu onse Chingerezi, koma adasankha kuti mbali yaikulu ikhale m'Chicheŵa, iye mwini naphunzira chilankhulocho. Ngakhale magawo a kanemayu ali ndi mitu ya Chicheŵa, monga Njala ndi Mphepo. Anthu a ku maiko akutali amene sadamvepo dzina la Malaŵi adakhala pansi pafupifupi maola aŵiri akumva chilankhulo chathu.

Pa nkhani ya njala, kanemayu adachita zimene buku la zithunzi la ana silikadatha. Timaona banja likuchepetsa chakudya mpaka kudya kamodzi patsiku, manja onse m'mbale imodzi, aliyense akuyang'ana nthongo ya mnzake mwakabisira. Timaona anthu akukankhana pogula chimanga, ndipo timamva kupuma kwao. Aïssa Maïga, amene adaseŵera ngati mai ake a William, amaonetsa ndi nkhope yokha kutopa kwa mai amene ayenera kugaŵa ufa wosakwana. Lily Banda, mwana wa kuno kwathu, adaseŵera bwino ngati mlongo wake Annie. Aliyense amene adaona chaka chimenecho ndi maso ake adzavomera kuti pamenepa kanema sadaname.

Zimene adataya

Cholakwa choyamba chimene khutu la Mmalaŵi limagwira msanga ndi katchulidwe. Maxwell Simba, amene adaseŵera ngati William, ndi wa ku Kenya, ndipo akuluakulu ena a m'seŵeroli si a kuno. Adayesetsa ndithu, koma mau ena amatuluka opindika, mwakuti penapake pamene mlendo akugwetsa misozi, Mmalaŵi amadzigwira kuti asaseke. Ili ndi vuto la kanema yekha. Munthu wojambulidwa papepala amalankhula ndi mau amene woŵerenga wampatsa, ndipo mwana wa pa Kandeu akamaŵerenga, William amalankhula ngati wa pa Kandeu.

Chachiŵiri n'chachikulu koposa. M'kanema, makina a mphepo aja amamangidwa njala ili pakati, ndipo amapopa madzi m'chitsime kuti anthu athirire mbeu ndi kupulumuka. Zenizeni sizidatero. Njala idatha pamene chimanga cha m'munda chidacha, ndipo makina oyamba adabwera pambuyo pake, ntchito yake n'kukhala kuyatsa magetsi m'nyumba. Zopopa madzi zidadza patapita zaka, anthu akunja atayamba kumthandiza. M'kanema, bambo ake amakwiya koopsa, amaononga kachipangizo koyeserera, ndipo njinga imasanduka mlandu waukulu pakati pa bambo ndi mwana; m'buku bamboŵa adazengereza, koma adapereka. M'kanema dayinamo imachokera kwa mphunzitsi amene adathaŵa ndi Annie. M'buku adamgulira ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, ndi ndalama za m'thumba mwake.

Tikumvetsa chifukwa chake adasintha. Babu imodzi yoyaka m'chipinda cha mnyamata siikwanira kudzutsa anthu m'mipando. Madzi otumphuka pa nthaka youma ndiwo amakwanira. Kanema amafuna mkangano woonekera ndi mathero okhutiritsa nthaŵi isanathe. Komabe tiyenera kuŵerengera zimene zatayika. Mwana woonera amachokapo akukhulupirira kuti nzeru imalipira pompopompo, ndi kuti mnyamata mmodzi adapulumutsa mudzi wonse m'nyengo imodzi. Nkhani yoona ndi yapang'onopang'ono: mnyamata amene anthu ankamuyesa wamisala poona akutolatola zitsulo, mnzake amene adamkhulupirira napereka kangachepe kake, kenaka zaka zinai za chete. Kwa mwana amene wasiya sukulu lero chifukwa cha fizi, nkhani yoonayi ndiyo yothandiza, pakuti ndiyo yofanana ndi moyo umene akumana nawo.

Chachitatu ndicho chimene chidatichititsa kulemba nkhani ino. Phata la mbiri ya William ndi mnyamata wokhala phee, maso ali pa chithunzi choima, kwa masabata ambiri. M'kanema zimenezi zimatha m'mphindi zoŵerengeka: atsegula buku, maso aŵala, ndipo posachedwa ali kudzala la zitsulo. Sitingamdzudzule kwambiri Ejiofor, chifukwa palibe amene angalipire ndalama kuti aonere munthu akuŵerenga kwa theka la ola. Koma apa m'pamene pali malire a kanema. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kanema amatha kutionetsa maso a nkhonowo, akulu ngati mbale, koma kudekha kwake sangatiphunzitse, popeza iye mwini saima. Tidzifunse: chikhala kuti William adaona makina a mphepo akudutsa pa kanema kwa masekondi asanu, kodi akadaŵamanga?

Ojambula atatu ndi njira zao

Eni ake a mabuku a nkhani zojambula amaudziŵa bwino mtengo umenewu, ndipo aliyense adauyankha mwa njira yake.

Art Spiegelman wa ku America adajambula mbiri ya bambo ake, Myuda wa ku Poland amene adapulumuka ku ndende yophera anthu ya Auschwitz pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse. M'buku lake, Maus, Ayuda adaŵajambula ngati mbeŵa ndipo Ajeremani ngati amphaka. Gawo loyamba lidatuluka mu 1986, lachiŵiri mu 1991, ndipo mu 1992 lidalandira mphotho ya Pulitzer. Okonza kanema adampempha kambirimbiri, iye nakana. Ife tikuganiza kuti adachita bwino. Nkhope ya mbeŵa yojambulidwa ndi timizere tiŵiri titatu imasiya malo oti woŵerenga aikepo nkhope ya mbale wake, ndipo zoopsa zikamkulira amatha kutseka buku napuma. Mbeŵa yomweyo itayamba kuthamanga ndi kulankhula, ingafanane ndi makatuni oseketsa ana, ndipo maliro a anthu mamiliyoni angasanduke chionetsero.

Marjane Satrapi wa ku Iran adasankha njira ina. Buku lake, Persepolis, lidatuluka ku France m'magawo anai pakati pa 2000 ndi 2003, ndipo limasimba ubwana wake pa nthaŵi ya kusintha kwa boma kwa 1979 ndi nkhondo ya Iran ndi Iraq. Iye adavomera kanema, koma adamkonza yekha pamodzi ndi mnzake Vincent Paronnaud. Sadalembe anthu oseŵera kuti aoneke pamaso. Adasunga zojambula za pamanja, pafupifupi zonse zakuda ndi zoyera monga m'buku. Kanemayo adatuluka mu 2007 nalandira mphotho ku Cannes. Ubwino wake ndi wakuti saonetsa zonse. Pamene bomba lagwetsa nyumba ya anansi, timaona pang'ono chabe, kenaka mdima, ndipo zotsalazo timamaliza tokha. Satrapi adapeza njira yobwezera kampata kaja m'kati mwa zithunzi zoyenda.

Wachitatu ndi wa mu Africa muno. Marguerite Abouet wa ku Côte d'Ivoire adalemba nkhani ya Aya, mtsikana wa ku Yopougon, dera lina la mzinda wa Abidjan, ndipo Clément Oubrerie adaijambula. Gawo loyamba lidatuluka mu 2005, ndipo mu 2013 aŵiriwo adakonza okha kanema wake wa zojambula. M'nkhani imeneyi mulibe nkhondo, mulibenso njala. Muli atsikana atatu a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, wina wofuna kuphunzira udokotala, ena okonda magule, mimba yosayembekezera, makolo okangana pa za ukwati, ndi abambo obisa zinsinsi zao. Ndi nkhani imene ikadatha kuchitika pa malo alionse a malonda kuno kwathu.

Pa atatuŵa tikuphunzirapo muyeso woyesera kanema aliyense wochokera m'buku lotere. Kufanana ndi buku tsamba ndi tsamba si ndiye muyeso, chifukwa kusintha sikungalephere. Tizifunsa ngati kanemayo wasiyira woonera kanthu koti achite ndi mutu wake, ndiponso ngati zimene wasinthazo zasunga choonadi cha nkhani kapena zachigulitsa.

Tikayesa ndi muyeso umenewu ngwazi zija za pa msika, zambiri zimapezeka zopepuka. Eni ake ndi makampani aakulu, amene cholinga chao n'chakuti woonera asapeze mpata wophethira. Black Panther wa 2018, wokonzedwa ndi Ryan Coogler, adapeza ndalama zoposa madola 1.3 biliyoni, ndipo tivomere kuti adakondweretsa mitima ya anthu akuda ambiri poonetsa dziko la mu Africa lolemera ndi losagonjetsedwa, anthu ake akulankhula Chixhosa. Koma Wakanda kulibe pa mapu alionse, ndipo mafunso olemera amene kanemayo adafunsa poyamba amakathera m'chinkhondo chaphokoso monga anzake onse.

Kandimverere

Tibwerere ku tinyumba ta pa Kandeu. Kumeneko nkhani imafika itadutsa m'manja atatu: wojambula buku, wokonza kanema, ndi mnyamata uja womasulira. Sitifuna kumnyoza mnyamatayu. Ali ndi luso lenileni, ndipo ndi mdzukulu wa osimba nthano akale. Popanda iye, amai ndi ana ambiri sakadatolapo kanthu. Amadziŵa kupatsa munthu wa ku New York dzina lachipongwe la kumudzi, ndipo holo yonse imafa nako kuseka.

Komabe taonani zimene zimachitika. Pamene kanema wasiya kachete pang'ono kuti woonera aganize, womasulira amathirapo mau, poopa kuti anthu anganyong'onyeke. Amatiuziratu kuti uyu ndi mfiti, uyu afa posachedwa, apa sekani. Kampata kamene buku lidasiya, kanema adakachepetsa, ndipo womasulira amakatsekeratu. Paja adati kandimverere adakanena za m'maluŵa. Mwana amene nkhani zake zonse amazilandira chotere amazoloŵera kuti wina azimuonera, azimumverera ndi kumuganizira. Pa foni ya m'manja, imene masiku ano imadzazidwa mafilimu pa mtengo wochepa, mwanayo amakhalanso yekha, popanda ndi mnzake womutsutsa.

Nanga ife makolo titani?

Kuletsa sikungatithandize. Mwana woletsedwa amakasuzumira pa mng'alu wa khoma, ndipo tanena kale kuti kanema ali ndi zabwino zake. Sitinganamizirenso kuti mabuku a nkhani zojambula ali mbwee m'masitolo mwathu; ndi osoŵa, ndi okwera mtengo, ndipo ambiri ali m'zilankhulo zachilendo. Koma zilipo zina zimene banja lililonse lingathe.

Choyamba, mwana akabwera kuchokera ku kanema, timfunse kuti atisimbire, ife n'kumavomera monga ankavomera ana a kale. Timfunse chifukwa chimene munthu uja adachitira zimene adachita, ndi zimene iye akadachita. Posimba, mwanayo ayenera kusankha, kudumpha ndi kulumikiza, ndipo ntchito ija imene kanema adamlanda imabwerera m'manja mwake.

Chachiŵiri, timpatse pensulo ndi pepala, ngakhale la kumapeto kwa kope lakale. Agaŵe tsamba m'timabokosi tisanu ndi kamodzi, najambule nkhani imene waona kapena imene agogo amuuza. Tisaseke miyendo yopindika. Mwana amene wayesa kuika nkhani m'timabokosi toŵerengeka wadziŵa kuti wosimba aliyense amasiya zina, ndipo tsiku lina poonera kanema adzafunsa yekha kuti: kodi apa asiya chiyani? Nthaŵi zambiri mwana wojambula m'kope amalandira chikwapu chifukwa choononga mapepala. Aphunzitsi ndi makolo tilingalirenso pamenepa.

Chachitatu, pamene pali kalaibulale, kaya pa sukulu kaya pa parishi, tikasamale ndi kukatsegula. Mabuku a zithunzi asatsekeredwe m'kabati poopa kuti angade. Ndipo amene tili ndi abale m'tauni kapena ku Joni, amene amatitumizira mafoni ndi nsapato, tiŵapemphe kuti m'katundumo aziikamonso buku limodzi.

Potsiriza, tikumbuke kuti boma lathu lino lili ndi nkhani zimene zikudikira wojambula. Pali imfa ya Inkosi Gomani woyamba, amene adaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1896. Pali kufika kwa ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901. Pali njala ya 1949, imene okalamba oŵerengeka akuikumbukabe, ndi ya 2002, imene tidaiona tokha. Pali maulendo a abambo athu opita ku migodi ya ku Joni, ndi amai amene adatsala akulera ana okha. Kukonza kanema wa nkhani zimenezi kumafuna ndalama zimene sitidzazigwira msanga. Kuzijambula kumafuna pepala, inki, ndi munthu wofatsa amene wakhala pansi ndi agogo naŵamvetsera. Abouet adayamba ndi atsikana a m'dera la kwao, ndipo kanema adabwera patapita zaka zisanu ndi zitatu. Ngati nkhani zathu zidzafike pa kanema tsiku lina, n'kwabwino kuti zidzapezeke zitajambulidwa kale ndi dzanja la mwana wa konkuno, kuti wobwera kudzazitenga adzakhale ndi pomuyesera.

Mwina pakati pa ana aja othithikana pa mabenchi pali mmodzi amene kumbuyo kwa kope lake la masamu kwadzaza zithunzi. Madzulo ano, nsima ikatha, tiyeni timpemphe kopelo, tiliyang'ane pamodzi ndi iye mosafulumira, ndipo timfunse kuti pakati pa chithunzi ichi ndi icho padachitika zotani.